Mukachotsedwa ntchito m'boma pa mlandu wa khalidwe: zoyenera kuchita ndi kachitidwe ka apilo

Kalata yochotsa munthu ntchito m'boma sifika yokha. Isanabwere pamakhala patadutsa makalata ena: yofuna kuti mufotokoze mbali yanu, yokuimitsani ntchito, yokuitanirani ku komiti. Nthawi zambiri apilo imafera pa makalata oyambirirawa, chifukwa munthu anawayankha ndi mkwiyo, anachedwa kuyankha, kapena sanayankhe n'komwe podalira bwana wina amene anamuuza pakamwa kuti "musadandaule, tikonza". Amene adzaunike apilo yanu sadzamva zimene munakambirana m'khonde. Adzatsegula fayilo n'kuwerenga zimene zili m'menemo. Choncho malangizo awa akuyambira pa kalata yoyamba, ngakhale kuti ena mukuwerenga kalata yomaliza ili kale m'manja.

Yambani ndi kudziwa amene ali ndi mphamvu zokuchotsani

Bwana amene mumamuona tsiku ndi tsiku si iye amene anakulembani ntchito, ndipo pa iye yekha alibe mphamvu zokuchotsani. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994 anapereka mphamvu zolemba, kulanga ndi kuchotsa ogwira ntchito m'boma ku Civil Service Commission. Magulu ena ali ndi makomishoni awoawo: aphunzitsi ali pansi pa Teaching Service Commission, azaumoyo pansi pa Health Service Commission, ogwira ntchito m'makhonsolo pansi pa Local Government Service Commission. Komishoni ikhoza kubwereketsa zina mwa mphamvu zake ku makomiti a m'maunduna, makamaka pa magiredi a m'munsi, koma kubwereketsako kuli ndi malire. Yang'anani amene wasaina kalata yanu, ndipo wasaina m'dzina la ndani. Ngati wakuchotsani ndi munthu kapena komiti imene ilibe mphamvu pa giredi yanu, chigamulocho chili ndi vuto ngakhale mlanduwo utakhala woona.

Pezaninso malamulo amene akugwira ntchito pa inu, muwawerenge nokha. Ofunika kwambiri ndi Public Service Act ya 1994, buku la malamulo a ogwira ntchito m'boma limene ambiri amangolitchula kuti MPSR, ndi Employment Act ya 2000. Pali maganizo ofala akuti Employment Act ndi ya m'makampani okha. Si zoona: lamuloli limanena lokha kuti limakhudzanso boma. Amene silikuwakhudza ndi asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende, kupatula anthu wamba olembedwa ntchito m'nthambi zimenezo. Pamwamba pa onsewa pali Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko, limene limakupatsani ufulu woti chigamulo chilichonse cha ofesi ya boma chokhudza inu chipangidwe motsata lamulo ndi ndondomeko yachilungamo, komanso kuti mupatsidwe zifukwa zake molembedwa.

Kalata ya mlandu ikafika

Sainani kuti mwalandira, ndipo pafupi ndi siginecha yanu lembani tsiku limene mwailandira. Kusaina kuti mwalandira si kuvomera mlandu. Kukana kulandira kalata sikuimitsa kanthu, kumangowonjezera mlandu wa kusamvera. Tsiku lolandirira ndi lofunika chifukwa makalata a m'boma amatha kugona m'ma ofesi masabata asanafike kwa mwini wake, ndipo simukufuna kuti masiku oyankhira awerengedwe kuchokera pa tsiku limene kalatayo inalembedwa.

Kenako werengani mlanduwo mofatsa. Mlandu wolembedwa bwino umanena chimene munachita, tsiku lake, malo ake, ndi lamulo limene mwaphwanya. Mawu ongoti "kusakhulupirika pa ntchito" kapena "khalidwe losayenera" popanda tsatanetsatane sangayankhidwe, ndipo musayese kuwayankha mongolota, chifukwa mukhoza kudziululira zinthu zimene sanakufunseni. Lembani kalata yaifupi yopempha tsatanetsatane ndi makope a mapepala amene akudalira: lipoti la owerengera ndalama, buku losainira polowa ntchito, mavocha, malipoti a mboni. Akakana kapena akangokhala chete, kalata yanu yopemphayo idzakhala umboni wabwino pa apilo. Palinso lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, lolola nzika kupempha mapepala osungidwa ndi ofesi za boma.

Yankhani mkati mwa masiku amene alembedwa m'kalatamo. Ngati sakukwanira, pemphani masiku owonjezera molemba, nthawi isanathe. Poyankha tengani mlandu umodziumodzi: uwu ndikuukana pa zifukwa izi, umboni wake ndi uwu, uwu ndikuvomera mbali yakutiyakuti, koma zinachitika motere. Musatukwane, musatchule za ufiti, musalembe mbiri ya udani wanu ndi bwana kuyambira chaka chimene munafika pa siteshoni. Ngati mukukhulupirira kuti mlanduwu wabwera chifukwa munaulula zachinyengo kapena munakana zimene wina ankafuna kwa inu, nenani zimenezo momveka, ndi masiku ake, ndi amene munamuuza pa nthawiyo. Musadikire apilo kuti mudzazitchule koyamba, chifukwa pamenepo zidzaoneka ngati mwangozipeka mutaona kuti zavuta.

Chilichonse chimene mwapereka, khalani ndi kope yodindidwa chidindo cha ofesi yolandira. Sungani makope onse kunyumba, osati mu tebulo la ku ofesi, chifukwa tsiku limene akuimitsani ntchito makiyi mumasiya.

Pano ndiime pa nkhani imodzi imene imandiwawa mtima. Anthu ambiri amauzidwa mwachinsinsi kuti "ingosiyani nokha ntchito kuti dzina lanu lisaipe". Musalembe kalata yosiya ntchito musanakambirane ndi loya kapena bungwe lanu. Munthu wosiya yekha amavutika kwambiri kudzanena kuti anachotsedwa mopanda chilungamo. Lamulo limavomereza kuti munthu akhoza kukakamizika kusiya chifukwa cha nkhanza za olemba ntchito, koma pamenepo udindo wobweretsa umboni umagwera inu, pamene mukachotsedwa udindowo umakhala wa boma.

Mukaimitsidwa ntchito

Kuimitsidwa podikira kafukufuku, kumene m'ma ofesi amati interdiction, si chilango ndipo si kuchotsedwa. Mukadali wa ntchito wa boma. Onani zimene kalatayo ikunena pa malipiro anu, muzifananize ndi zimene MPSR ikunena pa mtundu wa mlandu wanu. Perekani katundu wa boma amene muli naye ndipo wolandirayo asaine. Siyani adiresi ndi nambala ya foni zimene angakupezereni. Mukasowa pa tsiku la mlandu chifukwa kalata inapita kumene munasamukako, adzapitiriza popanda inu. Miyezi ikamapita popanda chochitika, lembani kalata yofunsa kuti nkhani ili pati, ndipo bwerezani pakapita nthawi. Kuimitsa munthu zaka popanda kumuzenga mlandu ndi dandaulo lokwanira palokha kupita nalo kwa Ombudsman, ofesi yofufuza kupanda chilungamo m'ma ofesi a boma.

Ngati nkhaniyo ili ndi apolisi kapena Anti-Corruption Bureau, dziwani kuti pali milandu iwiri yosiyana. Khoti lozenga milandu yaupandu limafuna umboni wosasiya chikaiko. Komiti ya ku ntchito imangofuna kuona mbali imene umboni ukulemera. N'chifukwa chake kupezeka wosalakwa kukhoti sikutanthauza kuti mawa mubwerera pa mpando. Komanso zimene mwalemba poyankha ku ntchito zikhoza kukafika kukhoti, choncho yankho lanu lidutse kaye kwa loya amene akukuimirirani.

Tsiku lokaonekera ku komiti

Gawo 57 la Employment Act limafuna zinthu ziwiri munthu asanachotsedwe pa mlandu wa khalidwe: chifukwa chomveka, ndi mwayi woti adziteteze. Zonse ziwiri ziyenera kukhalapo. Pitani ku komiti ngakhale mukuona kuti agamula kale. Ngati mukudwala, tumizani chikalata cha kuchipatala ndi pempho loti asinthe tsiku. Pemphani pasadakhale kuti mubwere ndi woimira bungwe lanu, kaya ndi Civil Servants Trade Union, Teachers Union of Malawi, National Organisation of Nurses and Midwives, kapena mnzanu wa ku ntchito amene mumamukhulupirira. Munthu amene akuzengedwa mlandu sakumbukira zonse. Wina akhale akulemba amene analipo, zimene anafunsa ndi zimene munayankha.

Mukalowa, yang'anani amene akhala pa mpando woweruza. Ngati amene anakunenezani, kapena amene anafufuza nkhaniyo, ali m'gulu logamula, nenani mwaulemu nthawi yomweyo ndipo pemphani kuti zilembedwe mu maminitsi. Munthu sangakhale wodandaula n'kukhalanso woweruza. Akatulutsa pepala limene simunalionepo, pemphani nthawi yoliwerenga. Akatchula mlandu umene sunali m'kalata, nenani kuti simunakonzekere kuuyankha. Funsani mafunso mboni zimene zikukunenezani. Pomaliza, musasaine maminitsi musanawawerenge. Pamene pali cholakwika lembani pomwepo kuti simukugwirizana napo.

Kalata yokuchotsani ikafika

Lembaninso tsiku lolandirira. Tsiku limeneli ndi lofunika kuposa onse. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma apa lamulo linaika malire a nthawi, ndipo munthu wochedwa amabwezedwa pakhomo nkhani yake isanamvedwe. Dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo liyenera kufika ku ofesi ya leba ya m'boma lanu pasanathe miyezi 3 kuchokera tsiku lochotsedwa. Pempho loti High Court iunike chigamulo cha ofesi ya boma liyeneranso kuperekedwa mwamsanga, pasanathe miyezi 3. Apilo ya mkati mwa boma ili ndi masiku ake, amene mudzawapeza m'kalata yanu kapena m'malamulo a komishoni yanu. Musaganize kuti popeza mwachita apilo ya mkati ndiye kuti masiku enawa aima. Lembani tsiku limene miyezi 3 ikutha pamalo poti muziliona, ndipo likamayandikira komishoni isanayankhe, kalembetseni dandaulo lanu ku leba n'kuwauza kuti apilo ya mkati ikadali m'njira.

Ngati kalatayo sinanene zifukwa, zipempheni molemba potchula Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko. Pemphaninso maminitsi a komiti ndi lipoti limene linapita ku komishoni.

Kalembedwe ka apilo

Apilo si kalata yopempha chifundo, ndiponso si malo obwerezera nkhani yonse kuyambira pachiyambi. Ntchito yake ndi kuonetsa pamene chigamulo chinalakwika. Yambani ndi dzina lanu, nambala ya ntchito, giredi, unduna ndi chaka chimene munayamba ntchito. Tchulani chigamulo chimene mukutsutsa ndi tsiku limene munachilandira. Kenako ikani zifukwa zanu, chilichonse ndi nambala yake, chilichonse ndi pepala lochichitira umboni.

Zifukwa zolimba kawirikawiri zimachokera ku mafunso awa. Kodi wochotsayo anali ndi mphamvu? Kodi ndondomeko inatsatidwa, ndiye kuti munauzidwa mlandu momveka, munapatsidwa nthawi ndi mapepala, munamvedwa ndi anthu opanda mbali? Kodi umboni umene unalipo ukufikadi pa chigamulo chimenechi, kapena anangodumpha mfundo zanu osaziyankha? Kodi chilango chikulingana ndi cholakwa? Kodi pali chifukwa china chobisika chimene lamulo limakana? Pa funso lomalizali Gawo 57 la Employment Act limatchula zifukwa zimene munthu sangachotsedwere ntchito, monga mtundu, chipembedzo, maganizo a ndale, kukhala mwamuna kapena mkazi, ulumali, kukhala m'bungwe la ogwira ntchito, kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala, ndi kukasuma kapena kupereka dandaulo lotsutsa olemba ntchito.

Kusiyana kwa apilo yofooka ndi yolimba kuli pa kalembedwe. Wina amalemba kuti: "Komiti inakondera ndipo sinandimvere." Wowerenga alibe pogwira. Wina amalemba kuti: "Pa tsiku lakuti ndinapempha kope ya lipoti la owerengera ndalama, kalata yanga ndi iyi. Sindinapatsidwe. Komiti inadalira lipoti lomwelo pondipeza wolakwa, onani ndime yakuti ya maminitsi." Mfundo ndi yomweyo, koma yachiwiriyi munthu sangailumphe osaiyankha.

Tsopano kwa inu amene mukudziwa mumtima kuti munalakwadi. Ndikukulangizani kuti musakane zinthu zimene mapepala akuonetsa poyera, chifukwa bodza limodzi likagwidwa limaononga ngakhale mfundo zanu zoona. Muli ndi poima pena. Gawo 56 la Employment Act limanena kuti poona ngati chilango chili choyenera, paganiziridwe kukula kwa cholakwa, ntchito ya munthuyo, ndondomeko imene inatsatidwa, kuonongeka kumene kunachitika, mbiri yake ya m'mbuyo ndi mmene zinthu zilili pa moyo wake. Gawo lomwelo limatchula zilango zocheperapo: chenjezo lolembedwa, kuimitsidwa kwa kanthawi, kutsitsidwa giredi. Ngati mwagwira ntchito zaka zambiri popanda chenjezo ndi limodzi lomwe, nenani ndipo ikani umboni. Ngati munabweza ndalama kapena katundu, ikani risiti. Ngati anzanu amene anachita zofanana anangochenjezedwa, tchulani zimenezo mosamala, ndi zoona zokhazokha. Koma dziwaninso kuti Gawo 59 limalola kuchotsa munthu popanda notisi pa milandu ikuluikulu, monga khalidwe loipitsitsa, kunyalanyaza ntchito mobwerezabwereza, kukana mwadala malamulo oyenera a bwana, ndi kujomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka. Pa kuba ndalama za boma, ziphuphu, kapena kuchitira nkhanza ana a sukulu ndi odwala, kutalika kwa zaka zanu pa ntchito sikungakupulumutseni, ndipo ine sindiona kuti kuyenera kutero.

Malizani apilo ponena chimene mukufuna: kuti chigamulo chifafanizidwe mubwerere pa ntchito ndi malipiro anu onse, kapena kuti mlandu umvedwenso ndi komiti ina, kapena kuti chilango chichepetsedwe. Ikani mndandanda wa mapepala amene mwalumikiza. Ngati malamulo akufuna kuti apilo idzere kwa PS (mlembi wamkulu wa unduna) kapena DC (bwanamkubwa wa boma lanu), idzereni komweko, koma tumizaninso kope molunjika ku komishoni kuti isagone m'njira. Kope yanu idindidwe.

Za mkati zikakanika

Pali makomo atatu, ndipo si anzeru kugogoda onse nthawi imodzi osaganiza.

Loyamba ndi ofesi ya leba, kenako Industrial Relations Court. Wa leba amayesa kukuyanjanitsani; akalephera pakatha mwezi umodzi, nkhani ikhoza kupita kukhotili, limene linakhazikitsidwa ndi malamulo oyendetsera dziko ndipo limayenda motsata Labour Relations Act ya 1996. Lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo munthu akhoza kudziimirira yekha popanda loya. Ubwino waukulu wa khomo ili uli pa Gawo 61 la Employment Act: olemba ntchito ndi amene ayenera kupereka chifukwa chochotsera munthu ndi kuonetsa kuti anachita mwachilungamo, akalephera kupereka chifukwa, lamulo limati kuchotsako kunali kopanda chilungamo. Khotili likhoza kulamula kuti mubwerere pa ntchito yanu, kuti mulembedwe ntchito ina yofanana nayo, kapena kuti mupatsidwe chipukuta misozi. Chipukuta misozicho chili ndi mlingo wotsikitsitsa: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosaposa 5, a masabata 2 pa chaka kwa woposa zaka 5 kufika 10, a masabata 3 kwa woposa 10 kufika 15, ndi a mwezi wathunthu pa chaka kwa woposa zaka 15. Khoti limaonanso ngati inuyo munathandizira kuti muchotsedwe. Mukaluza, apilo imapita ku High Court pasanathe masiku 30, koma pa mfundo za lamulo kapena za mphamvu za khotilo zokha, osati kukabwereza umboni.

Lachiwiri ndi kupempha High Court kuti iunike chigamulocho. Apa woweruza safunsa kwenikweni ngati munalakwa. Amafunsa ngati wopanga chigamulo anali ndi mphamvu, anatsata ndondomeko, ndipo chigamulo chake n'chomveka. Khomo ili ndi loyenera pamene vuto lalikulu lili pa ndondomeko. Dziwani kuti mukapambana, boma likhoza kuyambiranso mlandu wanu motsata njira yoyenera. Apa pafunika loya. Ngati mulibe ndalama, pitani msanga ku Legal Aid Bureau, ndipo mufunsenso loyayo za chidziwitso chimene chimaperekedwa kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma, posumira boma, kuti chisadzakutsekereni njira.

Lachitatu ndi ofesi ya Ombudsman, imene imafufuza kupanda chilungamo m'ma ofesi a boma ndipo siilipiritsa. Imathandiza kwambiri pa nkhani za kuchedwetsa: apilo yosayankhidwa, kuimitsidwa kosatha, ndalama zosaperekedwa. Koma nkhani imene ili kale m'khoti Ombudsman saitenga, ndipo nthawi imene mukudikira kumeneko masiku a kukhoti akupitabe.

Podikira chigamulo

Ngakhale munthu wochotsedwa pa mlandu ali ndi zake zimene ayenera kulandira: malipiro a masiku amene anagwira, ndalama za tchuthi chimene sanapite, ndi chikalata chosonyeza nthawi imene wagwira ntchito ndi udindo wake, chimene amapatsidwa akapempha. Ndalama ya severance, yolipiridwa molingana ndi zaka zimene munthu wagwira ntchito ikatha, siperekedwa kwa amene wachotsedwa moyenera pa mlandu wa khalidwe, koma khoti likapeza kuti kuchotsako kunali kolakwika, nkhani ya ndalamayi imatsegukanso. Za penshoni funsani molemba, kuti akuuzeni ndondomeko imene muli ndi zimene kuchotsedwaku kwakhudza. Pepala lililonse lonena kuti mwalandira zonse ndipo simudzadandaulanso musalisaine musanalionetse kwa loya kapena ku bungwe lanu.

Ngati mukukhala m'nyumba ya boma, yankhani kalata yotulutsa molemba, mutchule kuti apilo ili mkati, mupemphe nthawi. Funafunani ntchito ina ndipo sungani makope a makalata ofunsira ntchito, chifukwa powerengera chipukuta misozi khoti limafunsa zimene munachita kuti muchepetse mavuto anu. Mboni zanu zikhoza kusamutsidwa, kupuma ntchito kapena kuiwala, ndiye zipempheni zilembe zimene zikudziwa pakali pano, zisaine ndi kuika tsiku, ndipo musunge manambala awo a foni pamodzi ndi makope ena onse m'fayilo imodzi, yondandalikidwa motsata masiku.